Kuwerenga nkhono zobisika pansi pa madzi: ntchito ya mapu ndi masamu a malo

Nsomba imasambira, nkhono imakhala pomwe ili. Munthu angaganize kuti pa ziwirizi yosavuta kuwerenga ndi nkhono popeza sithawa. Koma m'maiko omwe anthu amadalira nkhono zam'madzi pa ndiwo ndi pa malonda, akatswiri a zausodzi anaona kuti kusathawako n'komwe kumasokoneza chiwerengero. Nkhono za zigoba ziwiri, monga oyster, scallop, cockle ndi mussel, sizimwazikana mofanana pansi pa nyanja. Zimaunjikana. Pena zimathithikana mpaka kusowa poponda, ukangosuntha mamita 50 n'kupeza mchenga wokhawokha. Choncho amene akufuna kudziwa kuti zilipo zingati ayenera kuyamba wadziwa kuti zili pati.

Kuno ku Mzuzu nkhono zam'madzi si ndiwo zomwe timasaka pamsika. Timafunsa usipa, utaka ndi batala wochokera ku Nkhata Bay. Komabe nkhaniyi ndi yathu, chifukwa nyanja yomwe ili makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda muno ili ndi nkhono zamitundumitundu, zina mwa izo n'zomwe zimafalitsa likodzo, ndipo masamu owerengera nkhono ndi omwewo ofunika pa nsomba zomwe zimakonda kusonkhana pamalo amodzi.

Tiyerekeze gombe lina pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche, lotalika makilomita 2, ndipo gawo losaya lomwe tikufuna kuyeza likulowa m'nyanja mamita 500. Malo onsewo ndi masikweya mita 1,000,000. Wofufuza wafika, wapempha bambo wina wodziwa gombelo kuti amuperekeze. Bamboyo, pofuna kuthandiza mlendo, sangamutengere pouma. Amutengera pomwe akudziwa kuti nkhono zilipo. Ayeza malo 10, ndipo paliponse apeza nkhono pafupifupi 40 pa sikweya mita. Wofufuza uja achulukitsa, n'kulemba mu lipoti kuti gombeli lili ndi nkhono 40,000,000.

Wina wabwera ndi njira ina. Asanakwere boti wajambula mizere yopingasana pa mapu, n'kusankha malo 100 otalikirana mamita 100, ndipo wadziuza kuti ayeza pamalo aliwonse kaya pakuoneka kuti pali kanthu kaya ayi. Pamalo 80 sanapeze kanthu. Pamalo 20 wapeza 40 pa sikweya mita monga mnzake uja. Akagawa, avareji ikubwera 8, ndiye kuti gombe lonse lili ndi nkhono pafupifupi 8,000,000. Onse awiri awerenga moona mtima, palibe wanama, koma woyambayo wachulukitsa chiwerengero kasanu. Boma litakhulupirira lipoti lake n'kulola anthu kukolola gawo limodzi mwa magawo 10, lingalole nkhono 4,000,000, lomwe ndi theka la zonse zomwe zilipodi. Mlimi aliyense amadziwa kuti sungayeze zokolola za munda wonse poyang'ana chimanga chapachulu. Pamadzi chovuta n'chakuti chulucho sichioneka.

Ziro 80 zija ndiye chuma cha kafukufuku wachiwiriyu. Ndikunena izi motsindika chifukwa anthu ambiri ongoyamba kumene ntchitoyi amaona ngati tsiku lomwe sanapeze kanthu lapita pachabe, ena mpaka osalemba n'komwe. Malo opanda kanthu akalembedwa, pamodzi ndi nambala zake za GPS, ndi omwe amaonetsa pomwe mulu wa nkhono ukuthera.

Palinso msampha wina, woopsa kuposa uwu. Kawirikawiri boma limadziwa mmene zinthu zilili m'madzi poona zomwe asodzi akubwera nazo padoko: ngati munthu akudzazabe ndowa zake pa tsiku monga kale, timati zinthu zili bwino. Koma wokolola nkhono akamaliza mulu umodzi amasamukira pa wina, ndipo ndowa zake zimadzazabe. Miulu ikutha umodziumodzi, mabuku apadoko akuonetsa kuti zonse zili m'malo, mpaka tsiku lomwe mulu womaliza watha. Izi zinachitika ku California ndi nkhono zotchedwa abalone. Osambira pansi pa madzi ankachoka pamalo ena kupita pena, kuchoka pa mtundu wina kupita pa unzake, mpaka mu 1997 boma linatseka usodzi wamalonda wa nkhonozi. Mu 2001 mtundu wina, white abalone, unalembedwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Chomwe chimakulitsa vutoli n'chakuti nkhono zambiri zam'nyanja zamchere zimaswana pongotulutsira mazira ndi umuna m'madzi. Yaikazi ndi yaimuna zikatalikirana kwambiri, mbewu sizikumana. Nkhono 1,000 zomwazikana m'gombe lonse sizingaberekane ngati nkhono 1,000 zokhala pamodzi, ndipo chiwerengero chopanda mapu sichingasiyanitse ziwirizi.

Masamu omwe anadzathandiza pa vutoli sanachokere kunyanja. Anachokera kumigodi ya golide ya ku Witwatersrand, kufupi ndi Johannesburg, komwe agogo athu ambiri, makamaka a kunyanja kuno, ankapita kukagwira ntchito kudzera ku Wenela. Eni migodi ankaboola mabowo ochepa n'kumafuna kudziwa kuchuluka kwa golide m'thanthwe lonse, ndipo ankapusitsika kawirikawiri: pomwe bowo laonetsa golide wambiri, akakumba ankapeza wocheperapo. Injiniya wina wa ku South Africa, Danie Krige, anafalitsa mu 1951 njira yoyerekezera bwino pogwiritsa ntchito mabowo oyandikana. Katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, anaikonza njirayo kukhala phunziro lathunthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, n'kuitcha kriging polemekeza Krige. Patapita zaka, akatswiri a nthaka, a madzi apansi ndi a zausodzi anaona kuti vuto lawo n'lofanana ndi la amigodi.

Maziko ake ndi mfundo yomwe katswiri wa mapu Waldo Tobler anainena mu 1970, yoti zinthu zoyandikana zimafanana kwambiri kuposa zotalikirana. Zimenezi aliyense amazidziwa. Chatsopano n'chakuti masamuwa amayeza kufananako: zimafanana motani, ndipo kufananako kumatha pa mtunda wotani?

Kayezedwe kake kali motere. Pa malo 100 aja, kompyuta imatenga malo awiriawiri, n'kuona kutalikirana kwawo ndi kusiyana kwa nkhono zomwe zinapezeka. Imasonkhanitsa onse otalikirana mamita 100, onse otalikirana mamita 200, mamita 300, choncho mpaka kutali, ndipo pa gulu lililonse imawerengera kuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji. Zotsatira zake zimajambulidwa pa galafu yotchedwa variogram. Kawirikawiri mzere wake umayambira pansi, chifukwa malo oyandikana amasiyana pang'ono, n'kumakwera mtunda ukamakula, kenako umafika poima osakweranso. Mtunda womwe mzerewo waimira ndi wofunika kwambiri, chifukwa umatiuza kukula kwa miulu ya nkhono. Ngati waima pa mamita 300, ndiye kuti zomwe wapeza pano zingakuuze kanthu za malo omwe ali mkati mwa mamita 300, koma kupitirira apo sizikuuzanso chilichonse. Pamenepo wadziwanso kuti chaka chamawa ukadzatalikitsa malo oyezera kufika mamita 500 pofuna kupulumutsa mafuta a boti, mapu ako adzakhala ongopeka.

Mzere uja sukonda kuyambira pa ziro penipeni. Ngakhale malo awiri ogundana amasiyanabe, mwina chifukwa nkhono zimaunjikana m'timagulu tating'ono kwambiri, mwina chifukwa chida choyezera sichigwira mofanana nthawi zonse. Mzere ukayambira pamwamba kwambiri, ndi chenjezo loti mapu omwe atuluke asakhulupiriridwe mopitirira muyeso.

Kriging imatenga variogram ija n'kudzaza mipata. Pamalo aliwonse omwe sanayezedwe, imayerekeza chiwerengero pophatikiza zomwe zinapezeka pamalo ozungulira, apafupi n'kuwapatsa mphamvu yambiri, akutali yochepa. Ilinso ndi nzeru ina yomwe avareji wamba alibe: malo asanu oyezedwa mothithikana pangodya imodzi siwawerenga ngati mboni zisanu, popeza onse akunena za mulu umodzi womwewo. Pomaliza imatulutsa mapu awiri. Oyamba amaonetsa pomwe nkhono zachuluka ndi pomwe zachepa. Achiwiri amaonetsa pomwe kuyerekezako n'kodalirika ndi pomwe n'kokayikitsa. Kwa ine achiwiriwa ndiwo ofunika koposa, ndipo n'zodandaulitsa kuti ndi omwe amasiyidwa m'malipoti ambiri. Mapu amitundu yowala amakopa maso pamsonkhano, ndipo kompyuta imapaka utoto ngakhale pamalo pomwe boti silinafike. Bwana amene waonetsedwa mapu oyamba okha sangadziwe kuti kufiira kwa pangodya ina kwachokera pa muyeso umodzi wokha.

Nanga muyeso weniweniwo umatengedwa bwanji? Pamadzi osaya amaponya chitsulo cha ngodya zinayi cha muyeso wodziwika, n'kukumba mchenga wa mkati mwake, kuusefa, kuwerenga ndi kuyeza kutalika kwa chigoba chilichonse. Pozama amatsitsa chitsulo chokhala ngati nsagwada chomwe chimaluma matope n'kubwera nawo m'boti, kapena amakoka chikhasu chokhala ndi thumba la unyolo pa mtunda woyezedwa. Chikhasucho sichigwira zonse zomwe chadutsa, choncho pamafunika kudziwa gawo lomwe chimasiya. Masiku ano ambiri akutsitsa kamera. Kuyeza kutalika kwa zigoba kumachedwetsa ntchito koma sikuyenera kudumphidwa: mulu wa nkhono zikuluzikulu zokhazokha ndi mulu womwe ulibe olowa m'malo, pomwe mulu wa ting'onoting'ono ndi wofunika kuusiya ukule.

Pulogalamu ya GIS, yomwe ndi ya pakompyuta yosanjikira mapu osiyanasiyana pamodzi, ndi pomwe zonsezi zimakumana. Pamwamba pa mapu a gombe amasanjikapo kuya kwa madzi, mtundu wa pansi, kaya ndi mchenga, matope kapena miyala, pomwe pali zomera zam'madzi, ndi pomwe mitsinje ikuthira. Zikaoneka kuti nkhono zamtundu wina zimakonda mchenga wa pakati pa mamita 2 ndi 5, wofufuza amagawa gombe m'zigawo n'kuika miyeso yambiri m'chigawo chomwe chiwerengero chimasinthasintha kwambiri, yochepa pamiyala pomwe sizipezeka kawirikawiri. Mkati mwa chigawo chilichonse malo amasankhidwa mwamaere, kuti maso a munthu asakondere.

Ku Netherlands, m'nyanja yosaya ya Wadden, bungwe lofufuza la NIOZ lakhala likuyeza zamoyo zam'matope chaka ndi chaka kuyambira 2008, pamalo masauzande angapo otalikirana mamita 500. Pakati pa mizereyo amawonjezerapo malo ena osankhidwa mwamaere, n'cholinga chakuti pakhale malo ena oyandikana kwambiri oti aonetse mmene variogram ikuyambira. Kumeneko nkhani ya cockle inali mkangano waukulu pakati pa makampani okolola ndi anthu oteteza mbalame zomwe zimadya nkhonozo, ndipo kukolola ndi makina kunaletsedwa kuyambira 2005.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku Georges Bank, kum'mawa kwa America. Mu Disembala 1994 boma linatseka zigawo zitatu zikuluzikulu za nyanja pofuna kuteteza nsomba zapansi monga cod ndi haddock. Scallop sizinali cholinga chenicheni, koma pofika 1998 kulemera kwa scallop m'zigawo zotsekedwazo kunali kutachuluka pafupifupi ka 14. Asodzi ankati nkhonozo n'zambiri kuposa zomwe boma likunena, ndipo kuyambira 1999 ofufuza a pa yunivesite ya Massachusetts Dartmouth anayamba kutsitsa makamera pamizere yokonzedwa, atakwera maboti a asodzi omwewo. Mu 2004 kunakhazikitsidwa kakololedwe kakasinthasintha: mapu akaonetsa pomwe pagwa ana a scallop ambiri, chigawocho chimatsekedwa zaka zingapo kuti akule, kwinaku kukutsekulidwa china. Doko la New Bedford, la ku Massachusetts komweko, lakhala zaka zambiri likutsogola m'dziko lonse la America pa ndalama zochokera ku usodzi, makamaka chifukwa cha scallop. Popanda mapu njira yoteroyo singatheke, chifukwa sungatseke malo omwe sukudziwa malire ake.

Tibwere kwathu. Nyanja ya Malawi imazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndipo kuzama kwakukuluko kuli kuno kumpoto. Pansi pa mamita pafupifupi 200 mpaka 250 mulibe mpweya wa okosijeni, choncho nkhono ndi nsomba sizingakhaleko. Kummwera, cha ku Mangochi, pansi pa nyanja pamatsetsereka pang'onopang'ono ndipo malo osaya ndi aakulu. Kuno kwathu, ukayang'ana mapiri a ku Usisya ndi Ruarwe momwe amagwera m'madzi, udziwa kuti pansi pake m'potsetsereka chimodzimodzi. Malo okhala nkhono ndi kamzere kopyapyala kotsata gombe, kodukaduka ndi miyala. Izi zili ndi tanthauzo pa masamu aja. Kufanana kwa malo kumapita kutali ukamatsata gombe, koma kumatha msanga ukamalowa mkati, chifukwa kuya kumasintha mofulumira. Variogram imodzi ya mbali zonse ingasocheretse. Pamafunika kuyeza mbali ziwirizi padera. Komanso magombe awiri olekanitsidwa ndi phiri lolowa m'nyanja angaoneke oyandikana pa mapu, pomwe kwa nkhono ndi maiko awiri.

Nkhono zomwe zimatikhudza kwambiri ndi za likodzo. Bulinus globosus imakonda madzi odekha okhala ndi zomera, pomwe Bulinus nyassanus, yomwe imapezeka m'nyanja yathu yokha, imakhala pamchenga poyera, pamalo omwe anthu ankawayesa otetezeka. Kafukufuku wa Jay Stauffer ndi Henry Madsen ndi anzawo ku Cape Maclear anaonetsa kuti pomwe nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zachepa chifukwa cha makoka okokera kugombe, nkhonozi zimachuluka. Mu 2017 ofufuza anapezanso ku Mangochi nkhono za Biomphalaria pfeifferi, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo. Mankhwala a praziquantel omwe ana amalandira kusukulu amapha nyongolotsi m'thupi, koma mwana akabwerera pamalo omwewo osambira amatenganso matendawa. Mapu oonetsa pomwe nkhono zaunjikana, atasanjikidwa pa mapu a pomwe amayi amachapa ndi pomwe ana amasambira, angauze azaumoyo mudzi woti ayambire ndi doko loyenera mjigo msanga.

Pa nsomba, kuyeza kotere si kwachilendo. Mu 1954 ndi 1955 gulu la Joint Fisheries Research Organisation linachita kafukufuku wa kumpoto kwa nyanjayi lili ku Nkhata Bay, ndipo sitima yofufuzira ya Ndunduma ya ku Monkey Bay yakhala ikukoka khoka pamalo osankhidwa n'kuwerengera kuchuluka kwa nsomba zapansi potengera kukula kwa malo omwe khoka ladutsa. Utaka nawo umasonkhana pa virundu, miyala yotumphuka pansi pa nyanja yomwe asodzi a chilimira amaidziwa ndi maina. Msampha wa ndowa zodzaza uja ulipo apanso: bola nsomba zotsala zikusonkhanabe pa chirundu, chilimira chizibwera ndi kanthu ngakhale nsombazo zikuchepa m'nyanja.

Asodziwa amapeza chirundu pakati pa madzi polunjikitsa nsonga ya phiri ndi mtengo kapena nyumba yapagombe, kenako chizindikiro china kumbali ina. Kumeneko n'kuyeza malo kwenikweni, ndipo wofufuza wanzeru amayamba wakhala pansi ndi komiti ya pagombe kuti amujambulire zomwe akudziwa. Cholakwika cha wofufuza woyamba uja sichinali kufunsa bambo wodziwa gombe. Chinali kuyeza pokhapo pomwe analozeredwa. Nzeru za asodzi zimathandiza kugawa zigawo, maere n'kusankha poyezera mkati mwa zigawozo.

Zipangizo sizilinso chopinga ngati kale. Kuchokera mu Meyi 2000, pomwe boma la America linasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, ngakhale foni imaloza malo molakwitsa mamita ochepa okha. QGIS ndi R ndi mapulogalamu aulere omwe amachita kriging pa laputopu wamba, ndipo zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, yomwe inayamba kuuluka mu 2015, zimapezeka ulere ndipo kadontho kalikonse kamaimira mamita 10. Ku Luwinga, yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa zausodzi komanso zoyeza malo, ndiye achinyamata odziwa mbali ziwirizi tili nawo mumzinda momwe muno. Chodula ndi mafuta a boti ndi kubwereza. Kafukufuku wa chaka chimodzi amangoonetsa mmene zinthu zinalili pa nthawiyo. Kuti tidziwe ngati zikuchepa pamafunika kuyeza chaka ndi chaka, nyengo yofanana, ndi chida chofanana. Woyeza chaka chino nthawi ya mwera, chaka chamawa m'dzinja, sangadziwe ngati kusiyana komwe wapeza n'kwa nkhono kapena kwa nyengo.

Pali tinthu tiwiri tomwe timagwetsa ambiri. Mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa muyeso wa nambala za malo wotchedwa Arc 1950, pomwe GPS imagwiritsa ntchito wina wotchedwa WGS 84, ndipo wosakaniza ziwirizi osasintha amasuntha malo ake ndi mamita 200 kapena kuposa, zomwe pagombe lotsetsereka ngati lathu zingaike nkhono pamtunda kapena pakuya pomwe sizikhala. Kachiwiri, gombe lenilenilo limayenda. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'madera angapo, ndiye kuya kulikonse kolembedwa kuyenera kupita limodzi ndi tsiku lake ndi mlingo wa nyanja pa tsikulo.

Funso lomwe masamu sangayankhe ndi loti mapuwo asunge ndani. Mapu oonetsa pomwe pali chuma chambiri amathandiza woteteza, amathandizanso wokolola mosasamala amene ali ndi boti la injini yaikulu. Msodzi amene waulula chirundu chomwe anachidziwa kuchokera kwa bambo ake ali ndi chifukwa chomveka choopera. Ku Gambia, amayi okolola oyster a bungwe la TRY Oyster Women's Association anapatsidwa mu 2012 ufulu woti iwo okha ndiwo azikolola oyster ndi cockle m'dambo la Tanbi, ndipo amagwirizana okha za nyengo yotseka ndi malo oyenera kupumula. Kwathu kuno lamulo la zausodzi la 1997 limalola anthu a m'midzi kutenga nawo mbali poyang'anira usodzi, ndipo chilumba cha Mbenji ku Salima chakhala chikutsekedwa miyezi ingapo chaka chilichonse mwa ulamuliro wa mfumu kuyambira zaka za m'ma 1950. Choncho kafukufuku asanayambe pagombe lililonse, wofufuza, mfumu ndi komiti ya pagombe agwirizane kuti mapu atsatanetsatane adzasindikizidwa n'kubwezedwa kumudziko, ndipo omwe adzaikidwe pa intaneti adzaonetsa zigawo zikuluzikulu zokha, osati nambala za GPS za mulu uliwonse.